Ryzen 7 9800X3D: Cache Yapita Pansi, Kutentha Kwapeza Potulukira

Purosesa ya AMD Ryzen 7 9800X3D inatuluka mu Novembala 2024. Ili ndi ma core 8 (tizigawo timene timagwira ntchito yowerengera) ndi cache ya L3 (memory yothamanga kwambiri ya m'purosesa momwemo) yokwana 96 MB. Mwa imeneyi, 32 MB ili m'katchipi ka ma core komweko, ndipo 64 MB ili pa katchipi kena kamene anakasanjikiza ndi koyambako, mkuwa kukhudzana ndi mkuwa, mwa njira ya kampani ya TSMC. Kusanjikizaku ndi kumene kumaipatsa liwiro pa magemu. Ndi komwenso kunkasautsa mapurosesa am'mbuyomu a cache yosanjikiza, otchedwa X3D, pa nkhani ya kutentha.

Pa 5800X3D ya 2022 ndi 7800X3D ya 2023, katchipi ka cache kankakhala pamwamba, ndipo pamwamba pa ma core ankaikapo tizidutswa ta silikoni tongodzaza malo kuti pasakhale potsika. Kutentha kwa ma core kunkayamba kwadutsa polumikizira, kenako m'tizidutswa timeneti, kenako mu solder, n'kufika pa chivundikiro chachitsulo. Silikoni payekha amadutsitsa kutentha bwino ndithu, pafupifupi 150 W/mK (muyeso wa kadutsidwe ka kutentha), ndipo mkuwa umafika pafupifupi 400. Vuto lili polumikizira, pomwe pamakhala silicon dioxide amene sapitirira 1.5 W/mK. Ngakhale akhale wopyapyala chotani, amachedwetsa kutentha ngati bulangete. N'chifukwa chake 5800X3D inkalekezera pa 4.5 GHz pamene 5800X yopanda cache yosanjikiza inkafika 4.7 GHz, ndipo AMD inatseka overclocking, kukweza liwiro kupitirira la ku fakitale. Malire a kutentha a 7800X3D anali madigiri 89.

Pa 9800X3D anatembenuza. Cache ili pansi, ma core ali pamwamba, moyang'anizana ndi chivundikiro. Zimenezi zinafuna kuti magetsi ndi deta zopita ku ma core zizidutsa m'katchipi ka cache kudzera m'timabowo todzaza mkuwa totchedwa TSV, ntchito yovuta kupanga, koma phindu lake likuoneka: liwiro loyambira ndi 4.7 GHz kuchoka pa 4.2 GHz ya 7800X3D, lapamwamba ndi 5.2 GHz, malire a kutentha ndi madigiri 95, ndipo overclocking ndi yotsegula. Apa AMD inachita bwino, palibe chotsutsa.

Komabe musaganize kuti purosesayi imazizira yokha. TDP yake, muyeso wa kutentha kumene cooler iyenera kuchotsa, ndi 120 W, ndipo soketi imaloledwa kukoka mpaka 162 W. Katchipi ka ma core n'kakang'ono, pafupifupi 70 mm². Kakamatulutsa 100 W, ndiye kuti mm² iliyonse ikutulutsa pafupifupi 1.4 W, ndipo kutenthako sikugawikana mofanana, kumaunjikana pa core imene ikugwira ntchito kwambiri. Ichi ndicho chifukwa chake mutha kuona madigiri 85 pa HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha ndi voteji, koma mukagwira heatsink n'kupeza kuti ndi yofunda chabe. Si kuti cooler yalephera. Kutentha kukuchedwa kutuluka m'katchipi. Chivundikiro cha mapurosesa a soketi ya AM5, monga iyi, nachonso n'chochindikala, poti anafuna kuti ma cooler a soketi yakale ya AM4 azikwanabe, ndipo m'bokosi mulibe cooler. Ziwirizi ndi zimene sizikondweretsa pa purosesayi.

Pomanga kompyuta, yambani ndi BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yoyatsira kompyuta. Mu 2023 mapurosesa ena a 7800X3D anapsa chifukwa voteji ya SoC (gawo la purosesa loyendetsa RAM) inkakwera mopitirira, makamaka poyatsa EXPO (yokweza liwiro la RAM), ndipo AMD inaika malire a 1.3 V kudzera mu BIOS yatsopano. Ikani BIOS yaposachedwa musanayatse EXPO, kenako onetsetsani pa HWiNFO kuti SoC sikupyola 1.3 V.

Cooler ya mpweya ya nsanja ziwiri imakwanira, ya madzi ya 240 mm kapena 360 mm imangochepetsa phokoso pa ntchito yolemera. Chofunika kwambiri ndi pomwe yakhala. Katchipi ka ma core sikali pakati pa chivundikiro, kali chakumunsi kwa soketi. Noctua imapanga zitsulo zomangira zosunthira cooler 7 mm kumunsi, ndipo Arctic Liquid Freezer III imabwera ndi kamangidwe kosunthira komweko. Ngati cooler yanu ili ndi mwayi umenewu, ugwiritseni ntchito. Chotsani kapulasitiki ka pansi pa cooler, anthu ambiri amakaiwala. Thirani kadontho ka thermal paste ka 4 mm kapena 5 mm pakati, ndipo mangani masikuluwu mosinthanasinthana, kawiri uku kawiri uko, kuti cooler isapendekeke. Ikapendekeka, ma core ena amatentha kuposa anzawo mowonekeratu. Liquid metal, imene ena amathira m'malo mwa thermal paste, ipeweni: imadutsitsa magetsi, m'mipata ya chivundikiro cha AM5 muli tima capacitor poyera, komanso imadya aluminiyamu.

Chimene chimathandiza kwambiri osagula kanthu ndi Curve Optimizer, yotsitsira voteji ya ma core. Mu BIOS, pansi pa Precision Boost Overdrive, ikani Negative, yambani ndi 15 pa ma core onse. Voteji ikatsika, kutentha kumatsika, ndipo purosesa imakhalitsa pa liwiro lapamwamba. Yesani ndi mapulogalamu olemetsa purosesa: Cinebench kwa mphindi 30, kenako OCCT kapena CoreCycler amene amayesa core imodzi imodzi. Zikayenda bwino pitani pa 20. Samalani, chifukwa mukatsitsa mopitirira kompyuta kawirikawiri siigwa pa ntchito yolemera, imazima n'kuyakanso yokha ili phee kapena mukungotsegula intaneti. Zikatero bwererani m'mbuyo ndi 5. Amene safuna phokoso la fani atha kuika malire a kutentha pa madigiri 85 pomwepo, liwiro lotayika pa magemu ndi lochepa.

Womanga kompyuta yatsopano ya magemu, 9800X3D ndi yoyenera kugula. Amene ali kale ndi 7800X3D asathamangire, cache ndi yomweyo ya 96 MB ndipo pa 4K malire amakhala pa GPU (khadi la zithunzi). Wokonza mavidiyo kapena wochita rendering ma core 8 amuchepera, ayang'ane 9950X3D ya ma core 16, koma akonzekere cooler yokwanira TDP yake ya 170 W.