Nikon P900 yogula kwa munthu: zumu ikadali yamphamvu, koma chuku chadya lenzi

Sabata yatha mmisiri wa makamera ku Limbe ananditumizira mtengo woyeretsera lenzi, ndipo ndalama yake ikuyandikira theka la imene ndinagulira kamera yonse. Nditangoigula ndinaitama kwambiri, mpaka anzanga ena okonda kujambula mbalame anayamba kuifuna. Ndiye ndati ndibwerenso, kuti amene akusonkhanitsa ndalama amve kaye mmene zayendera itadutsa dzinja la kuno ku Zomba.

Zabwino zija sizinasinthe. Zumu ya 83x, yofika pa 2000mm, imakoka nkhwazi ili pamtengo kutsidya kwa dambo mpaka kuona diso lake. Batire limakwana m'mawa wonse bola uzimitse GPS ndi Wi-Fi. Chogwira chithunzi kuti chisanjenjemere chimathandiza ngakhale uli m'bwato. Kamera imeneyi inatuluka mu 2015, imajambula ma megapixel 16 ndipo ilibe RAW (mtundu wa fayilo ya chithunzi wosavuta kukonza bwino pakompyuta), komanso m'nkhalango ya kuphiri, kumene kumakhala mthunzi wokhawokha, zithunzi zimatuluka zamchengamchenga. Zimenezo ndinkazidziwa pogula ndipo sindidandaula nazo.

Kumene imaonetsa mphamvu ndi ku Chilwa. Ndimanyamuka kusanache kuti ndikafike kudoko la Kachulu dzuwa likungotuluka, chifukwa kukangotentha mpweya wa pamwamba pa madzi umayamba kuvina, ndipo pa 2000mm chilichonse chimaoneka chosungunuka, kamera ikhale yodula bwanji. Akakowa oyera ali ponseponse, m'minda ya mpunga ya ku Likangala mpaka m'njedza. Chimeza chotuwa chija chimaima osagwedezeka mpaka iwe wojambula mkono kuchita dzanzi. Koma chimene sindidzaiwala ndi kakowa wakuda wamapazi achikasu, amene m'mabuku amati Black Heron. Ankayenda pang'ono m'madzi osaya, kenaka mwadzidzidzi n'kutambasulira mapiko kutsogolo, kuwakumanitsa, mutu n'kubisa m'kati. Tinsomba timathamangira mumthunzimo, iye n'kutola. Amatero kamphindi chabe, n'kusuntha, n'kubwerezanso. Ndinajambula ndili patali moti sanandione n'komwe, ndipo msodzi amene ankaanika matemba pafupi atayang'ana pasikirini anati, "Achimwene, mbalame imeneyi ndakula nayo, koma nthenga zake ndaziona lero." Tsiku limenelo ndikanati ndilembe, ndikanati gulani osaganiza kawiri.

Vuto linayamba mvula itakhazikika. Zithunzi zojambula moyang'anana ndi dzuwa zinayamba kutuluka zoyererako, kakowa woyera atazunguliridwa ndi kautsi. Ndinapukuta galasi lakunja, osasintha. Nditaunika ndi tochi ya foni, zumu ili yotambasula, ndinaona timizere toyera m'kati, ngati ukonde wa kangaude, tikuchokera m'mphepete kulowera pakati. Chimenecho ndi chuku. Chimakonda malo achinyontho, amdima, opanda mphepo, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala umene amaphimbira galasi, moti ngakhale ayeretse, chipsera chimatsala. Kamera yosinthasintha malenzi ukhoza kungotaya lenziyo n'kugula ina. Iyi lenzi yake siichoka, ndiye mmisiri ayenera kumasula kamera yonse kuti afike pamene pali vuto. Mtengo uja ukukwerera pamenepo.

Zomba ndi yachinyontho, palibe angatsutse. Nkhungu ikatsika kuchokera kuphiri, kapena chiperoni chikagwa mu June ndi July, ngakhale nsapato m'kabati zimachita chuku. Podziwa zimenezi, kuyambira tsiku loyamba ndinkaisunga m'kontena yapulasitiki yotseka bwino, ndi timapaketi ta silika toyamwa chinyontho, ndipo ndikachokera ku damu la Mulunguzi ndinkaisiya kaye pamphepo. Ndiye mmisiri atandionetsa kuti timabawuti ta pansi n'tokalika, kusonyeza kuti kamerayi inatsegulidwapo kale, komanso kuti galasi lam'kati lili ndi zipsera za chuku chakale chimene wina anangopukuta mwachangu, mtima unandiwawa. Amene anaipanga sindikuwapatsa mlandu. Mlandu uli ndi munthu amene anandiuza pamaso kuti katunduyu wangofika kumene kuchokera kunja ndipo mwini wake sanamugwiritse ntchito kwenikweni.

Nditamuimbira, poyamba anali waulemu. "Bwana, musadandaule, tikonza." Nditamutumizira zithunzi za timabawuti tija, nkhani inatembenuka: akuti ndi nyengo ya kwathu kuno, akuti iye amagulitsa zinthu zoti munthu waona yekha. Kenaka anabwera ndi maganizo akuti ndimubwezere, andipatse ina, koma ndiwonjezere ndalama. Ndinakana, chifukwa ndikudziwa kuti iyi angaipukutenso n'kukamugulitsa munthu wina ku Lilongwe kapena ku Mzuzu.

Chimene chimawawitsa mutu n'chakuti kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndipo kamera yatsopano yazumu yotere ambirife sitingaifikire. Tizigulabe za anthu basi. Ngati nanunso mukupita njira imeneyo, musalipire pa Airtel Money kapena Mpamba musanaigwire m'manja. Tengani tochi, tambasulani zumu yonse, unikani m'kati mwa lenzi mopendeketsa. Tembenuzani kamera muone timabawuti. Jambulani chithunzi chimodzi moyang'anana ndi kuwala pomwepo, wogulitsa akuona. Akayamba kukufulumizitsani, bwezani katundu wake.

Masiku ena, ndikatsegula zithunzi za kakowa wakuda uja, ndimaona kuti ndalama yanga inabwerera kalekale. Masiku ena ndikajambula nantchengwa m'mbali mwa Likangala dzuwa lili kutsogolo, chithunzi n'kutuluka chautsi, ndimafuna kungoitsekera m'kabati. Pakadali pano ndimajambula dzuwa lili kumsana, ndipo zimatulukabe bwino ndithu. Bilu ya ku Limbe sindilipira ndekha. Ndamulembera wogulitsayo kuti tigawane pakati, popeza chuku chinabwera ndi katundu wake. Uthengawo anauwerenga Lachiwiri, koma mpaka pano sanayankhe.