Nyenyezi 3: kusaka kukuyenda tsopano, koma anandivutitsa kaye

Anthu a kampaniyi ndi amene amatisamalira wiki ya ku ofesi (masamba a pa kompyuta omwe timalembamo za ntchito), yoyendera pulogalamu ya MediaWiki, pa mtengo wawo wa pamwezi. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha: ndikalemba kachidutswa ka mawu, masamba onse omwe muli kachidutswako azituluka.

Tsiku lina abwana anaima kumbuyo kwanga, akufuna tsamba lonena za makasitomala osalipira. Ndinalemba "lipira". Palibe chinatuluka. Chonsecho masambawo ndinalemba ndekha, ndipo ndikudziwa kuti muli "kulipira", "analipira", "osalipira". Mawu athu amasinthira kutsogolo, ndiye makina ofuna liwu lathunthu angakuthandize chiyani? Abwana anangoti, "Zimene timalipira mwezi ndi mwezi zija ndi zimenezi?" n'kutuluka. Manyazi ake!

Nditaimba foni, mayi amene anayankha anati, "Ikani kanyenyezi kumapeto, bambo." Inde, lipira* imagwira, koma imangopeza mawu oyamba ndi "lipira". Ine ndimafuna kanyenyezi kutsogolo. Ndinafotokoza katatu konse. Mawa lake ndinalandira uthenga woti vuto langa latha ndipo nkhani yatsekedwa. Masabata atatu anatha choncho, aliyense woyankha foni akundiyambitsanso nkhani pachiyambi ngati sindinaimbepo.

Kunena zoona, mnyamata amene anabwera pomaliza ndi wodziwa ntchito. Anandiuza mosabisa kuti kusaka komwe kumabwera ndi MediaWiki kumadalira mndandanda wa mawu wa mu database, umene umayang'ana liwu kuyambira pa chilembo choyamba, choncho pakati pa liwu sungafikepo. Anaika CirrusSearch, pulogalamu yosakira yomwe Wikipedia imagwiritsanso ntchito. Anaikanso Elasticsearch, pulogalamu yosunga mndandanda wa mawu yomwe CirrusSearch yathuyo imadalira, n'kusiya makina akuwerenganso masamba onse usiku wonse. M'mawa ndinalemba *lipira, masamba aja mbwee. Anandiphunzitsanso insource:/lipir/i, yomwe imafufuza mkati mwenimweni mwa zolembazo, ndipo "i" wa kumapetoyo ndi woti isasiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Imeneyi imachedwa, nthawi zina imalekezera panjira, ndiye muziiphatikiza ndi liwu lina wamba kuti ichepetse masamba ofufuza.

Chimene sanandiuze aliyense n'chakuti Elasticsearch imadya memory kwambiri. Anatisamutsira pa seva yokulirapo osafunsa, ndipo ndinazidziwira pa bilu. Mnyamata uja ndamupempha kuti ndikamaimba azindiyankha iyeyo. Mayi aja mpaka pano akuti kanyenyezi ndi kakumapeto.