Kompyuta yakale ngati mlonda wa pageti: zomwe ndaona chaka chino

Alamu anga a ku Turffontein andifunsa dzana ngati agule NVR, bokosi lokonzakonza kale lojambula ndi kusunga zimene makamera a chitetezo akuona, kapena achite ngati ine, kutenga kompyuta yakale n'kuikamo pulogalamu yojambulira makamera. Pafoni ndinangowauza kuti ayambe adikira, chifukwa yankho lake ndi lalitali.

Pakhomo pathu ku Rosettenville pali makamera atatu: pageti, pakhomo la kukhitchini, ndi kuseli kumene timayanika zovala. Kompyuta yake ndi ija ya muofesi, Intel Core i5 ya m'badwo wachinayi, RAM 8GB, yomwe ndinagula pashopu ina ya zinthu zakale m'tauni muno mu Johannesburg.

Posankha pulogalamu, ukalamba wa kompyutayo ndi umene unalamula. Pulogalamu ya Blue Iris anthu amaiyamikira, koma ndi yolipira ndipo imafuna Windows. Windows 11 salola mapurosesa akale chonchi, pomwe Windows 10 Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025. Ndinaika Linux basi m'malo mwa Windows, n'kutsala ndi mapulogalamu a ZoneMinder, Agent DVR ndi Frigate, zonse zosalipira ukamazigwiritsa ntchito panyumba. Ndinatenga Frigate chifukwa imasiyanitsa munthu ndi mphaka kapena nthambi yogwedezeka ndi mphepo. Kuiyika kumafuna kuleza mtima, poti zambiri umachita kulemba m'fayilo, koma ikakhazikika siivutanso.

Zinthu ziwiri zinapepukitsa ntchito. Makamera ndinawaika pa H.264, njira yopanikizira kanema kuti achepe, poti purosesa ya m'badwo uwu njira yatsopano ya H.265 imailemera. Ndipo pofufuza anthu, Frigate imayang'ana chithunzi chaching'ono cha kamera, zithunzi 5 pa sekondi, pomwe chachikulucho imangochisunga osachikhudza. Zithunzi za masana n'zoyera, za usiku nkhope imaoneka munthu akafika pafupi ndi geti. Kamera ya 4 Mbps imadya pafupifupi 43GB patsiku, choncho atatuwa amadzaza hadi disiki ya 2TB m'masabata awiri, zakale n'kumafufutika zokha. Pamenepa palibe dandaulo.

Vuto linali magetsi akathima. Kuno kuthima kwa magetsi si zachilendo, kaya ndi load shedding kaya akuba adula mawaya, ndiye ndinakonzekera: mu BIOS, momwe mumasungidwa zotchera za mmene kompyuta iziyakira, ndinatchera kuti magetsi akangobwera kompyuta iziyaka yokha. Miyezi yoyamba inkaterodi. Kenako m'nyengo yozizira inayamba kuchita mwina iyake mwina ayi. Kompyutayi imakhala pamwamba pa wadirobu yopanda sikirini, kotero sindinkadziwa. Ndikayang'ana ndimaona kagetsi kobiriwira, fani ikulira, mtima n'kukhala pansi.

Usiku wina anthu anathyola kabokosi ka mota ya geti n'kutenga batire. Mayi a ana atandidzutsa m'mawa ndinathamangira pafoni kuti ndione nkhope zawo. Munalibe kanthu. Chojambulidwa chomaliza chinali cha madzulo, magetsi asanathime. Nditatsitsa kompyuta n'kuilumikiza ku TV, ndinapeza mawu oyera pa sikirini yakuda: tsiku ndi nthawi sizinatcheredwe, dinani F1 kuti mupitirize. Usiku wonse inali itaima pamenepo kudikira chala cha munthu, Linux osayamba n'komwe, ngati mlonda wovala yunifomu koma ali mtulo pampando. Tsiku limenelo ndinapsa mtima moti ndikanakumana ndi alamu anga ndikanawauza kuti asayerekeze.

Ndinainyamula pa takisi kubwerera nayo kushopu. Pogula anandiuza kuti aikonza bwinobwino, zonse aona, ndipo anandipatsa miyezi itatu ya chitsimikizo. Miyeziyo inali itadutsa. Mkulu wa pakauntala sanaitsegule n'komwe, anangoti bodi yatha, ndilipire ina pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi umene ndinagulira kompyuta yonse. Nditafunsa ngati silingakhale vuto laling'ono, anandionetsa lisiti langa lomwe n'kuitana kasitomala wina.

Amene anandithandiza ndi mnyamata wina wa ku Mangochi yemwe amakonza mafoni ku Fordsburg. Nditamufotokozera za F1 ija anati, "Achimwene, musalipire chilichonse, tsegulani muone kabatire kozungulira pabodi." Kabatire ka CR2032, kokhala ngati ndalama yachitsulo, ndi kamene kamasunga wotchi ndi zotchera za BIOS kompyuta ikakhala yopanda magetsi. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima zonse zimafufutika, n'chifukwa chake inkaima pa F1 paja. Kanga kanali ka fakitale, ka zaka zoposa khumi. Katsopano sikanafike R50, ndipo chiikireni vutoli silinabwerenso. Shopu yomwe imati yakonza kompyuta ya zaka zimenezi n'kusiya kabatire kameneka ndiye kuti inangopukuta fumbi. Zimandiwawabe, chifukwa batire ya geti ndi kabokosi kake zinandidyera ndalama zambiri kuposa pamenepo.

Pali ndalama inanso yomwe imatuluka mwakachetechete. Kompyuta yodya ma watt 40 usana ndi usiku imatha mayunitsi pafupifupi 29 pamwezi, osawerengera makamera ndi rauta, ndipo pa mita ya pulipedi zimenezi zimaoneka. Kabokosi ka NVR kamadya mocheperapo. Ndinawonjezanso UPS, bokosi la batire losunga magetsi, kuti magetsi akathima mwachidule kujambula kusaduke.

Alamu, ngati kompyuta muli nayo kale pakhomo, ikani Frigate, sinthani kabatire tsiku loyamba, ndipo muzimitse dala pa soketi muone ngati ikudzuka yokha mpaka kujambula. Koma ngati mukuchita kukagula, muwonjeze hadi disiki, UPS ndi magetsi a chaka, mupeza kuti NVR yatsopano ya chitsimikizo chenicheni siili patali. Ine pulogalamuyi sindiisiya. Koma shopu ija ndalama yanga siidzaionanso, ndipo dzina lake ndikuuzani tikakumana Lamlungu.