Mfuti ya chiwaya: kanema, mabuku a asilikali kapena kukwera minibasi?

Kwathu ku Chisitu timakula tikumva kuti agogo a bambo athu "ananyamula chiwaya" pa nkhondo ya Jeremani, nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Tili ana tinkaseka, poganiza za chiwaya cha tchipisi cha pa Chitakale. Nditakula ndi pomwe ndinazindikira kuti ankanena mfuti ija yodya zipolopolo za pa lamba, ya Maxim kapena Vickers, yomwe kulira kwake kunali ngati chimanga chikuthetheka pamoto. Chaka chino ndayesa njira zitatu kuti ndimvetse katundu amene nkhalambayo inasenza.

Ndinayambira pa YouTube. Forgotten Weapons ya Ian McCollum ndiyo yopepuka pa bandulo: mkuluyu amaika mfuti patebulo, n'kuonetsa zamkati, nkhani yatha. Apo m'pomwe ndinamvetsa nzeru ya Hiram Maxim ya mu 1884, yoti mphamvu yomwe mfuti imakankhira m'mbuyo ikawomba ndi yomweyo imakoka lamba n'kulowetsa chipolopolo china. C&Rsenal imapita mwakuya, ndipo zithunzi zake zoyenda zimaonetsa bwino kuposa dzanja la munthu, koma kanema mmodzi amapitirira ola. Ndi netiweki ya kuno kuphiri, mvula ikangoyamba, ndinaonera mmodzi masiku atatu. Onse awiri amalankhula Chingerezi chothamanga, ndipo sindinamvepo dzina la Nyasaland.

Njira yachiwiri ndi mabuku akale a asilikali a Britain, omwe bungwe la Vickers MG Collection and Research Association linaika pa intaneti. Mukatsitsa kamodzi, mumawerenga ngakhale magetsi atathima, bola foni ili ndi moto. Manambala ali m'menemo: lamba wansalu wa zipolopolo 250 za .303, madzi pafupifupi malita 4 ozizilitsa mpope, miyendo itatu yolemera makilogalamu oposa 20. Mfuti ya Vickers imeneyi inagwira ntchito m'gulu la asilikali a Britain kuyambira 1912 mpaka 1968. Koma mabukuwa analembera msilikali amene mfuti ili patsogolo pake, sajeni akumukalipira kumbuyo. Kuwerenga uli pakhonde kuli ngati kuphunzira kupalasa njinga pa wayilesi. Ndipo tisanamizane, munthu wamba ku Malawi kuno saloledwa kukhala ndi mfuti yotere. Wofuna kugwira mfuti za mtundu umenewu akalembetse usilikali, akaphunzire ku MAFCO, sukulu ya asilikali ku Salima.

Yachitatu ndiyo inandidyera ndalama ya transipoti, koma ndiyo inandifikitsa kwa agogo. Ku laibulale ya Society of Malawi pa Mandala House ku Blantyre kuli magazini akale okamba za King's African Rifles (KAR), gulu la asilikali a kuno ku Africa omenyera nkhondo Britain, lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Kuli apo, buku la Melvin Page la mu 2000, The Chiwaya War, linachokera pa kucheza ndi asilikali akale ndi atengatenga ali moyo. Mmenemo mfuti ija imasiya kukhala chitsulo chapatebulo, imasanduka katundu wa pamutu. Makilogalamu 20 aja ndinayamba kuwaona pa khosi la munthu wosavala nsapato, m'matope, ali ndi njala, akuthamangitsa gulu la von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Jeremani, mpaka ku Mozambique. Kumbuyo kwake ena asenza mabokosi a zipolopolo, ena madzi, omwe mfuti inkafunika kumwa anthu asanamwe.

Ngati funso lanu ndi loti chinthuchi chimayenda bwanji, tengani Forgotten Weapons, musunge bandulo. C&Rsenal muisiyire tsiku lomwe mwapeza Wi-Fi. Mabuku a asilikali ndi oyang'anamo nambala basi. Ine ndinatsiriza ndi ulendo wa ku Zomba, pa chipilala cha KAR pafupi ndi Cobbe Barracks. Ndinayenda ndi chala pa mayina onse kawiri. La agogo mulibe, chifukwa iwo anabwerako, n'kukathyola tiyi mpaka ukalamba.