Miyezi 10 ndi hatchi ya mtundu wa Fjord

Nditagula hatchiyi mu Seputembala chaka chatha, nkhawa yanga yonse inali pa dzinja la kuno kumadzulo kwa Norway, komwenso ndi kwawo kwa mtundu wa Fjord. Ndi yaimuna yofula, ya zaka 9. Ndinaigulira bulangete lodula ndithu, koma mpaka lero silinatuluke m'jumbo mwake. Pofika Novembala inali itamera ubweya wothithikana, moti chipale chofewa chikaigwera pamsana chimangokhala pomwepo osasungunuka. Khola lilipo, la denga ndi makoma atatu, koma iyo imasankha kuima panja itafulatira mphepo.

Chimene chinandigwetsa m'mavuto ndi msipu. Ku Ntcheu komwe ndinakulira, chiweto chonenepa ndi ulemu kwa mwini wake, ndiye udzu utaphukira mu Meyi ndinaitayirira kuti idye mmene ingathere. Ndinkanyadira poiona ikusalala. Patangotha milungu itatu khosi linauma mafuta, nthiti osamveka ngakhale kukanikiza ndi chala, ndipo mmawa wina ndinaipeza ikuponda monyinyirika ndi miyendo yakutsogolo, ziboda zili zofunda. Dokotala wa ziweto anati ndi chiyambi cha laminitis, yomwe kuno amati forfangenhet, kutupa kwa minofu yolumikiza chiboda ndi fupa. Hatchizi zinazolowera kukhala ndi moyo pa udzu wochepa wa m'mapiri, choncho shuga wa mu msipu wanthete amazichulukira. Kulakwa kunali kwanga. Aneba anali atandichenjeza, ine n'kumati akuumira.

Kuyambira pamenepo chakudya ndi cha pasikelo. Imalemera makilogalamu pafupifupi 470, ndipo imalandira makilogalamu 7 a udzu wouma patsiku, m'kaukonde ka mabowo ang'onoang'ono kuti isamalize msanga. Kubusa imapita maola ochepa, itavala chotchinga kukamwa. Chakudya cha m'matumba ndinasiyiratu, kupatula mchere wonyambita ndi timaminero pang'ono. Wosema ziboda amabwera milungu 6 kapena 8 iliyonse. Pano ikuyenda bwino, ngakhale imandiyang'ana ngati ndaibera.

Za khalidwe, amene amati ndi yofatsa sanama. Thalakitala ikadutsa pafupi, iyo siitekeseka. Koma kufatsako kuli ndi liuma lake: ikaona udzu m'mbali mwa njira, khosi lija ndi lamphamvu kuposa mikono yanu yonse iwiri. Kutalika kwake ndi masentimita 142 okha, komabe munthu wamkulu imamunyamula bwinobwino, ndipo m'nyengo ya chisanu inatikokera nkhuni kuchokera kunkhalango.

Ntchito yomwe sindinaiwerengere ndi yometa ubweya wapakhosi. Pakati pake pamadutsa mzere wakuda, m'mbali muli woyererako, ndipo mwambo wake ndi kuudula kuti uime chilili mopindika ngati uta. Ukatalika umagwera mbali imodzi. Ulendo woyamba ndinaumeta ngati wadyedwa ndi makoswe. Mu Meyi momwemo ndinapita ku Nordfjordeid, tawuni ya kuno kumadzulo kwa Norway, kukaonerera chionetsero cha hatchi zazimuna za mtunduwu, ndipo kumeneko ndi komwe ndinaona kagwiridwe ka sizasi.

Ndikanati ndigulenso, ndikanagula yomweyi. Kungoti ndalama ya bulangete ija ndikanagulira waya wa magetsi wogawira busa, womwe ndaugulabe mu Juni.