Timapepala, labotale, masensa kapena tizilombo: tiyeze ndi chiyani kamtsinje kowonongeka?

Anthu akagwirizana zokonza kamtsinje kamene kaipa, mkangano woyamba umakhala wa choyezera madzi. Njira zinayi izi ndazigwiritsapo ntchito, ndipo iliyonse ili ndi zimene imaona ndi zimene imaphonya.

Timapepala toviika ndito totsika mtengo. Mumaviika, kudikira pang'ono, n'kufananiza mtundu ndi tchati kuti mudziwe pH (muyezo wa asidi m'madzi), nitrate, mwinanso phosphate (michere yopezeka mu feteleza ndi m'zonyansa). pH ikakhala pakati pa 6.5 ndi 8.5, mtima pansi. Koma maso amasiyana: pamene wina akuti "pinki", mnzake akulumbira kuti wafiira. Timakwanira kuonetsa kusiyana kwakukulu pakati pa kumtunda ndi kumunsi kwa paipi yotaya zonyansa, osati kusintha kwapang'ono.

Labotale imapereka manambala amene akuluakulu oona za chilengedwe sangawakane. Pa E. coli, bakiteriya woonetsa kuti ndowe kapena za m'zimbudzi zikulowa m'madzi, ndiyo yodalirika. Botolo la madzi okayezetsa likhale pa ayezi, lifike msanga, makamaka asanathe maola 6, ndipo zotsatira muzidikira pafupifupi tsiku lathunthu. Komabe botololo limangonena za mphindi imene munatunga.

Nkhani yagona pamenepa. Masana ndere ndi zomera za m'madzi zimatulutsa okosijeni, usiku zimamumwa. Woyeza 2 koloko masana adzapita kwawo akumwetulira, chonsecho m'bandakucha okosijeniyo anali atatsika mpaka pansi pa mamiligalamu 5 pa lita, pomwe nsomba zambiri zimayamba kubanika. Matope ndi feteleza wokokoloka m'minda nazonso zimalowa kwambiri mumtsinje nthawi ya mvula yamphamvu, pamene aliyense wabisala m'nyumba ndipo palibe waima m'mbali mwa mtsinje ndi botolo.

Masensa, zida zamagetsi zoyezera zimene zimakhazikika m'madzi, amatseka mpata umenewu. Mutha kuwatchera kuti mphindi 15 zilizonse azilemba kutentha, okosijeni ndi kuda kwa madzi, usana ndi usiku. Mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndiponso amafuna mlezi. Ndere zimamera pa kagalasi kake, choncho pakatha milungu ingapo ayenera kutsukidwa ndi kuwongoleredwa. Ine ndinasiyapo sensa kupitirira mwezi, manambala n'kumaonetsa kuti madzi akuda tsiku ndi tsiku. Tinayamba kale kuloza zala alimi a kumtunda, osadziwa kuti ndi ndere chabe zakuta kagalasi. Madzi osefukira nawo amatha kukokolola chida chonse.

Njira imene ndimaikonda ndi yosafuna zida zapamwamba: kaukonde, beseni loyera ndi kuvundukula miyala ya pamathithi. Mphutsi za tizilombo touluka totchedwa mayfly, stonefly ndi caddisfly pa Chingerezi sizipirira madzi oipa kapena ochepa okosijeni. Zimakhala m'madzimo miyezi, zina kupitirira chaka, ndiye ngati poizoni anadutsa usiku umodzi mwezi watha, kusowa kwawo kumaulula ngakhale madzi akuoneka mbee lero. Mukapeza nyongolotsi zofiira ndi misundu yokhayokha, dziwani kuti zinthu sizili bwino. Kuipa kwake, tizilomboti timakuuzani kuti mtsinje ukudwala koma sititchula matenda kapena wowabweretsa, ndipo kutizindikira kumafuna kuphunzira.

Gulu la ndalama zochepa ndingalilangize chonchi: tizilombo kawiri pachaka, timapepala mwezi uliwonse pamalo omwewo ndi ola lomwelo, ndipo ndalama ya labotale isungidwire mabotolo otungidwa mvula ikangogwa, limodzi kumtunda ndi lina kumunsi kwa malo okayikitsa. Sensa mugule pokhapokha papezeke munthu wodzipereka kumalowa m'madzi ndi kaburashi, ngakhale nyengo yozizira.