Galu ndi nkhuku pakhomo limodzi: unyolo, mpanda wa waya, kusinthana nthawi kapena kumuphunzitsa?

Makomo ambiri kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ali ndi zonse ziwiri: nkhuku zachikuda kapena za Mikolongwe zodzipalasira zokha, ndi galu wolondera akuba ndi vumbwe usiku. Zikayamba kudyana, funso limakhala lakuti titsekere ndani, nthawi yanji. Njira zilipo zinayi, ndipo iliyonse ili ndi pamene imathera nzeru.

Anthu amayamba kuthamangira unyolo chifukwa ndi wotchipa. Koma unyolo umagwira galu, sugwira nkhuku. Galu womangidwa pa unyolo wa mamita 2 amakhala ndi kabwalo kake, ndipo m'kabwalomo muli mbale ya mkute. Msoti uona nsima, ulowa, ujompha kawiri, galu n'kuumbwandira. Apa galu sanasake ayi, amalondera chakudya chake. Mbale ya madzi nayo imamiza anapiye. Komanso galu womangidwa usana ndi usiku amalusa, ndipo tsiku limene unyolo waduka amathamangitsa chilichonse choyenda. Ngati palibe kuchitira mwina, kokani waya wolimba wa mamita 10 pakati pa mitengo iwiri, mukoleke unyolo pa mphete yoti iziyenda pa wayayo, ndipo unyolowo ukhale ndi kachitsulo kozungulira kuti usapotane. Kolala ikhale yoti zala ziwiri zilowe. Musamumange pafupi ndi mpanda kapena chulu, chifukwa akalumphira kuseri amadzipachika. Chakudya muzimupatsa madzulo nkhuku zitalowa, mbale muchotse pakatha mphindi 15.

Mpanda wa waya ndiwo wodalirika kuposa zonse, ndiwonso wodya ndalama. Nkhuku 10 zimafuna malo osachepera mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali, kutanthauza waya wa mamita 14 kuzungulira, wotalika mamita 1.8. Mapolo a bulugamu azikidwe motalikirana mamita 2, kunsi kwake mutapaka oyilo wakuda chifukwa cha chiswe. Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa mtundu wa waya. Waya wa nkhuku uja wopyapyala anaupangira kutsekera nkhuku mkati. Galu wamkulu akatsimikiza amaung'amba ndi mano, makamaka ukachita dzimbiri pakapita mvula ziwiri zitatu. Choncho kunsi, mpaka mita imodzi kuchokera pansi, ikani waya wochindikala uja wotchedwa wa dayamondi kapena nsungwi zothithikana, waya wa nkhuku upite pamwamba. Ngati muli anapiye, maso a waya akhale a mamilimita 13, apo ayi atulukira pa maso akuluakulu n'kukapezana ndi galu panja.

Galu akakanika kulumpha amakumba, ndipo amakumba pamphepete penipeni pa mpanda. Mukhoza kukwirira waya masentimita 30 pansi. Kumene nthaka ndi yamiyala ngati m'mphepete mwa phiri la Dedza kapena kumtunda kwa Tsangano, pindani wayayo ugone pansi chakunja masentimita 50, muutsindire ndi miyala kapena njerwa zoswekasweka. Galu amakanda, apeza waya, asiya. Alibe nzeru yobwerera m'mbuyo kukayambira patali. Pakhomo pa mpanda pakhale mzere wa njerwa pansi pa chitseko ndi chokowera chimene mwana angatseke yekha, poti nthawi zambiri amene amatsegulira galu njira ndi mwana wotumidwa kukatola mazira.

Mtengo weniweni wa mpanda umabwera pambuyo pake. Nkhuku yotsekeredwa sipezanso ziwala, chiswe ndi msipu. Thadzi loikira limadya pafupifupi magalamu 120 patsiku, ndiye nkhuku 10 zimamaliza thumba la makilogalamu 50 m'masabata 6. Madeya okha sakwanira. Pamafunika soya wokazinga wogaya, fumbi la usipa, masamba ndi laimu wa ziweto, kupanda kutero mazira amachepa ndipo nkhuku zimayamba kujomphana. Kwa woweta nkhuku zoyera kapena zoikira zogulitsa, mpanda ndi khola lotseka n'zosakambirana. Kwa mwini nkhuku 8 zachikuda, ndalama ya waya ndi chakudya ikhoza kuposa mtengo wa nkhukuzo.

N'chifukwa chake kwa makomo ambiri a kumudzi njira yachitatu ndiyo yanzeru: kusinthana nthawi. Nkhuku ntchito yake ndi masana, galu ntchito yake ndi usiku, ndiye aliyense atsekeredwe pamene mnzake ali pa ntchito. M'mawa galu alowe m'khola lake, kenako mutsegulire nkhuku. Madzulo nkhuku zikakwera, muwerenge, mutseke, muchotse makwerero, ndiye mumasule galu. Dongosolo likasokonekera, pamene pamachitika ngozi ndi m'bandakucha, tambala atatsika galu akadali panja. Khola la galu likhale la mamita 2 m'lifupi ndi 3 m'litali, pamthunzi, chifukwa pansi pa lata m'mwezi wa Okutobala galu amatha kufa ndi kutentha. Mu Juni ndi Julayi, mphepo ya ku Bembeke kapena ku Lizulu ija ikamawomba, muikireni ziguduli ndipo khomo lisayang'ane kumene mphepo ikuchokera. Khola la nkhuku likhale la m'mwamba, mita imodzi kuchokera pansi, mitengo ya pansi pake yothinana kuti mphuno ya galu kapena likongwe asalowe. Makola awiriwa atalikirane, poti utitiri wa nkhuku umakakamira m'makutu mwa galu.

Njira imeneyi ili ndi zofooka ziwiri. Siteteza nkhuku kwa agalu a eni ake oyendayenda masana, ndipo galu wanu womasulidwa usiku pakhomo popanda mpanda amakakumana ndi agalu osokera ndi nkhandwe. Katemera wa chiwewe ndi wofunika kuyambira ali ndi miyezi 3, kenako chaka ndi chaka. Alangizi a ziweto ndiwo amabaya.

Kuphunzitsa sikufuna ndalama koma kumafuna munthu woleza mtima, ndipo kumayenda bwino pa kagalu ka masabata 8 mpaka 16. Kakhale kokhuta, kataseweranso mpaka kutopa. Kagwireni pa chingwe mamita 5 kuchokera pamene nkhuku zikudya. Kakayang'ana nkhuku n'kutembenukira kwa inu, kapatseni kausipa pompo. Kakauma thupi, kutseka pakamwa, makutu tcheru, maso pa nkhuku imodzi, nenani mawu amodzi okha, "Leka!", mubwerere nako m'mbuyo. Mphindi 10 kawiri patsiku, mukusendera pang'onopang'ono, kwa milungu ingapo. Onse pakhomo anene mawu omwewo, ndipo ana asamakatume "gwira!" pofuna nkhuku ya ndiwo, chifukwa tsiku limodzi lotero limafafaniza ntchito ya mwezi wathunthu. Thadzi la anapiye limaphunzitsa kagalu ulemu ndi mlomo wake, koma samalani maso a kagaluko.

Msinkhu woopsa ndi wa miyezi 6 mpaka 18, pamene galu amapha mosewera: agwira phiko, nkhuku ikupiza, iye n'kumakondwa. Agalu awiri amalimbitsana mtima kuposa mmodzi. Galu wozolowera kusaka akalulu, kapena amene anapha kale, mukhoza kumuchepetsa ukali koma musadzamusiye yekha ndi nkhuku. Anthu amati walawa magazi. Chimene chamukomera kwenikweni ndi liwiro lothamangitsa lija, n'chifukwa chake ena amapha zisanu osadyapo ndi imodzi yomwe.

Za kumangirira nkhuku yakufa m'khosi mwa galu, kumumenya nayo, kapena kumulumitsa dzira lotentha, zisiyeni. Galu womenyedwa madzulo chifukwa cha nkhuku imene anapha m'mawa sadziwa mlandu wake. Amangophunzira kuopa inu n'kumapha mukachoka. Dzira lotentha limamuwotcha m'kamwa. Wakuba mazira mankhwala ake ndi chisa: thadzi lisaikire pansi pa nkhokwe kapena patchire, likhale ndi dengu m'khola la m'mwamba, ndipo likayamba kukhalira litsekeredwe masiku onse 21. Makoko a mazira, matumbo ndi nthenga musamamuponyere galu pokonza nkhuku, kwirirani. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka ndipo amabaya matumbo. Nkhuku yofa ndi chitopa itenthedwe kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya ndi mwala pamwamba, chifukwa galu akaifukula amaikokera kwa aneba pamodzi ndi matendawo.

Nkhuku imene yapulumuka m'kamwa mwa galu muifufuze pansi pa nthenga, kumsana ndi m'mapiko, poti mabala a mano amaoneka aang'ono kunja koma amalowa mkati. Tsukani ndi madzi owiritsa atazizira, theka la lita mutathira kasupuni kamodzi ka mchere, mumete nthenga zozungulira bala, muiike payokha pofunda pomwe ntchentche sizifika. Mukaibwezera kwa zinzake bala likadali lofiira, zimalijompha mpaka kuimaliza.